Chilembo Chimodzi

Anatikoka magazi tonse atatu Lolemba lina la chifunga,
ine, Nélida ndi mwana wathu Fresia,
timabotolo titatu ta zivindikiro zofiirira.
Fresia sanalire. Ankawerenga mabowo a kudenga
uku akung'ung'udza kulira kwa sitima ya padoko,
liwu limodzi lomwelo, losakwera, losatsika.

Ine ntchito yanga ndi manambala.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi padoko la Valparaíso
ndikulemba makontena: ili la mphesa, ili la mkuwa,
ili lisayandikire moto.
Ndimadziwa kuti zolembedwa pachitseko chachitsulo
sizinena fungo la m'katimo.

Patatha miyezi isanu Dokotala Ossandón anatembenuza kompyuta
kuti nafenso tione.
"Buku la m'thupi mwake ndi lalitali," anatero,
"zilembo mabiliyoni.
Apa, chimodzi chinasintha.
Kwa bambo kulibe. Kwa mayi kulibe.
Chinayambira pa iyeyu."
Nélida anagwira m'mphepete mwa tebulo.
Zaka zisanu ndi ziwiri wakhala akudzizenga mlandu usiku:
mwina khofi, mwina masitepe a phiri lathu ali ndi pakati,
mwina tsiku lija anapsa mtima.
Anausa moyo ngati munthu amene watula mtolo
koma sakudziwa poika manja.

"Ndiye chimenechi ndicho chinachititsa?" ndinafunsa.
Dokotala anavula magalasi.
"Sitikudziwa bwinobwino. Mwina chinathandizira.
Majini okhudzidwa ndi mazanamazana,
ena amangoponyapo kamchenga kamodzi,
ndipo ambiri mwa amenewo ndi akumtundu."

Akumtundu.
Ndinaona bambo anga, Baldomero, wokonza masikelo,
amene anadya mphodza m'mbale imodzi yomweyo mpaka imfa,
amene ankayang'ana phewa lako akamalankhula nawe,
amene anathawa malipenga a paukwati wanga
nakakhala m'shedi, akupukuta miyala yoyezera.
Anthu ankati ndi wodzikonda.
Nanenso ndinkatero, mokweza.
Palibe amene anam'patsa pepala.

Fresia pepala ali nalo: otizimu, gawo lachiwiri.
Akuti kale akanam'tcha dzina lina,
mayina analipo angapo, lililonse ndi kachipinda kake,
kenako madokotala anagumula makoma
nati ndi bwalo limodzi lalikulu,
magawo atatu, kutengera thandizo limene munthu akufunika.
Chabwino. Pepalalo linatitsegulira geti la sukulu,
sindingalinyoze.
Koma Lachitatu m'mawa, akamasanja zitsekerero za mabotolo
potengera mmene chilichonse chinapindikira,
safuna munthu;
ndine amene ndimaperewera maso.
Loweruka kumsika wa nsomba, ogulitsa akakuwa onse pamodzi,
amadzigwetsa pansi, zala m'makutu,
ndipo palibe nambala imene ingam'nyamule.
Gawo lake ndi liti tsono,
la Lachitatu kapena la Loweruka?

Pobwerera tinakwera chikepe chakale cha m'phiri,
chamatabwa, cholira ngati chili ndi dandaulo.
Nélida anali atapinda pepala lija kanayi.
Kumunsi makontena anga anali pamzere, ofiira, obiriwira,
ang'onoang'ono ngati mabokosi a machesi.
Fresia anagunditsa khutu pathabwa
kumvetsera chingwe chikukoka.
Kenako anatenga dzanja langa, osandiyang'ana,
naliika pathabwa pomwepo
kuti nanenso ndimve kunjenjemerako.

Bambo anga anandichitapo zomwezi
tsiku lina sikelo itatsala pang'ono kukhazikika.
Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu,
anzanga akundiitana panja ndi mpira.
Ndinachotsa dzanja.

Lero ndinalisiya pomwepo
mpaka chikepe chinaima pamwamba
ndipo woyendetsa anatiuza kawiri kuti titsike.