Kuwerenga Mpweya

Bambo anga ankafuna ndikhale mphunzitsi,
ati choko sichinunkha.
Ine ndinasankha wodi ya amuna
pachipatala cha Nkhotakota,
pamene usiku uli ndi makosi khumi ndi awiri
ndipo lililonse limatsokomola mwa njira yake.

Pabedi lachitatu pagona a Lufeyo Chikadza.
Zaka makumi awiri akudula nzimbe ku Dwangwa,
kulowa m'munda phulusa lisanazizire,
mwaye m'mphuno, mwaye m'mano.
Shuga anapita kwa ena.
Iwo anatsala ndi utsi,
wakhala m'nthiti ngati ngongole ya katapila.

Ndimawapana chala ndi kachipangizo ka diso lofiira.
Kamaganiza, kamaganiza, kenaka n'kunena: 84.
"Ndakhoza, mayi?"
"Mwatsala pang'ono."

Lachiwiri lililonse kumabwera a Kamtedza, a fiziyo,
pa njinga yamoto ya galasi limodzi.
Jakisoni alibe, mapiritsi alibe.
Tsiku loyamba odikirira odwala anang'ung'udza:
dokotala wanji wobwera chimanjamanja?
Iwo anagoneka a Lufeyo cham'mbali, pilo kunsi kwa chiuno,
napinda dzanja ngati womwa madzi pamjigo,
nayamba pamsana: phu, phu, phu.
Si kumenya, anatero, ndi kugogoda,
monga umagogodera m'nyumba muli wogona.
Makhololo a zaka zambiri anadzuka, natuluka.
Kenaka botolo la madzi theka, ndi kapaipi:
"Uzirani, bambo, mpaka lichite thovu."
Mwini zidzukulu zisanu
kuuzira thovu ngati mwana wa sukulu ya mkaka!
Wodi yonse inaseka,
ndipo kusekako kunatsegulanso zifuwa zina.

Miyezi inayi ndinaima kumbuyo kwawo
ndikuba ndi maso.
Kunyumba ndinkayeserera pa thumba la mpunga
mpaka mwana wanga anafunsa chomwe mpungawo walakwa.

Usiku wa Lachisanu magetsi anathima.
Makina a okosijeni anameza mawu,
jenereta inakana katatu.
Silinda imodzi, anthu awiri.
Ndinaipereka kwa mnyamata wa chibayo, bedi lomaliza,
amene milomo yake inali itayamba kuda.
A Lufeyo ndinawakhazika tsonga,
zigongono pa katebulo, mapewa pansi.
"Kokerani ndi mphuno.
Tulutsani pang'onopang'ono, ngati mukuziziritsa tiyi."
Tochi ya foni itatsamira kapu,
tinawerenga limodzi,
iwo ndi maso, ine ndi pakamwa.
Mphindi makumi anayi.
Sindinapemphere.
Kapena kuwerengako ndiye kunali kupemphera, kaya.

M'thumba la yunifolomu muli kalata,
yapindidwa n'kupindulidwa mpaka yafewa ngati mpango.
Andiitana ku Blantyre, zaka ziwiri,
kukaphunzira za mapapo okhaokha,
kuti pobwera ndizitha kuwerenga ndekha chithunzi cha chifuwa,
kudziwa mluzu wa mphumu ndi mkokomo wa madzi,
kugamula usiku womwewo, osadikira kuti kuche,
n'kuima kutsogolo, wina akuba ndi maso kumbuyo kwanga.

A sisita akuti pita,
koma maso awo ali pa ndandanda ya mashifiti
pamene dzina langa lisiye gweru.
Mayi akufunsa ngati malipiro adzakwera.
Mwana akufunsa ngati Blantyre ndi kutali kuposa Salima.
A Kamtedza sananene kanthu;
anangondisiyira buku lawo lothothoka chikuto,
mizere yofunika itadulidwa kale ndi pensulo.

A Lufeyo sindinawauze.

M'mawa uno diso lofiira lati 91.
Ayenda kuchoka pabedi kukafika pakhomo,
aima, agwira mphuthu, ayang'ana mtengo wa mango panja
ngati m'bale wochokera kutali,
abwerera, apempha botolo lawo.
Thovu litakwera andiyang'ana:
"Nanga inu, mayi, mumapuma nthawi yanji?"

Ndatsegula pakamwa kuti ndiyankhe.
Bedi lomaliza latsokomola.