Nyumba Yomangidwa Kawiri

Ku Chitakale chiperoni chagwira masiku atatu,
simenti yakana kuuma, njerwa zakhuta madzi,
ndipo ife tathawira m'kontena
momwe Edina Muhowa watsegula laputopu yake
pamwamba pa matumba a laimu.

Akuti chipatala cha amayi chatha kale.
Ndasuzumira panja: maziko okha, ndi mbuzi ya mlonda.
Koma iye akuchitembenuza ndi chala chimodzi
ngati wogula chinanazi wofuna kuona pomwe chavunda.
Wachotsa denga, wasenda pulasitala,
mpaka nyumba yatsala mitsempha yokhayokha:
yobiriwira ya madzi, yachikasu ya magetsi,
zitsulo zanga zotuwa m'mimba mwa konkire.

Kenako kadontho kofiira.
Apa, akutero, paipi ya Sipiriyano
ikuboola bimu yanu, bambo Nthipa,
pamwamba penipeni pa bedi lachitatu.

Sipiriyano waseka, ndudu ili kukhutu.
Ine sindinaseke.
Ndakumbuka ku Muloza, chaka chomwe ndinagula njinga,
tinamanga khoma Lolemba
n'kuligumula Lachisanu ndi manja omwewo
chifukwa pulani ya wamagetsi inatsalira mu minibasi,
ya wamipope inajambulidwa ku Limbe
ndi munthu amene sanapondepo dothi lofiirali.
Aliyense anali ndi pepala lake,
aliyense ankalumbira kuti sanalakwe.
Fumbi lake ndikutsokomolabe.

Edina sanakweze mawu.
Wakokera paipi kumanzere, masentimita makumi awiri,
waimbira injiniya wa ku Blantyre,
netiweki ikudukaduka,
mpaka wakwera pa mulu wa kwale, jasi pamutu,
ndipo atatsika, kufiira kuja kwazima.
Palibe njerwa yomwe yasweka,
palibe amene watukwanidwa mayi ake.
M'munsi mwa chithunzi manambala asuntha okha:
makona awiri owonjezera, theka la tsiku.

Ndamufunsa ngati makinawo amadziwa
kuti mchenga wa mu Likhubula umabwera ndi matope mvula ikagwa,
kuti mphepo yotsika ku Lichenya imasasula malata
ngati sunawirikize misomali m'mphepete.
Wati ayi, sadziwa, ndiuzeni ndilembe.
Ndipo walembadi, dzina langa pambali pake,
m'nyumba ija yopanda fumbi,
momwe wa ku Blantyre uja aliwerenge usiku uno.

Madzulo phiri laonetsa phewa limodzi lokha.
Othyola tiyi akudutsa, madengu kumsana,
wina mwa iwo ndi woyembekezera,
akuponda mosamala pamsewu woterera,
wayang'ana maziko athu osaima n'komwe.
Ndimafuna kumukuwira
kuti pa bedi lachitatu sipadzadontha.
Ndangotola chingwe ndi levulo,
ndapukuta matope ndi malaya.
Kukacha, chiperoni chikatilola,
tiyamba kumanga ndi manja
chimene chatha kale.