Sukulu ya m'Sutikesi

Loweruka lililonse Shingirai amabwera ndi sukulu yake
m'sutikesi yothyoka gudumu limodzi,
kuikhwekhwereza kuchokera ku Matapi
mpaka pansi pa jakaranda, kuseri kwa depoti ya Mbare,
pamene ine ndakhala ndikusoka nsapato
kuyambira ndevu zanga zisanayere.

Akatsegula mumatuluka timatabwa khumi ndi tiwiri,
zopanira zovala zoti mphepo isalande pepala,
mapensulo aafupi ngati chala cha khanda,
makala m'chitini cha majarini,
ndi labala imodzi yokha, yomangidwa chingwe
poti akuti ili ndi miyendo.

Ophunzira ndife amene tapezekapo:
Mai Chipunza a tomato, dengu lili pambali,
anyamata awiri oitanira makombi a ku Glen Norah,
kamtsikana kobereka mng'ono wake,
ndi ine Lufeyo, mwana wa mtchona
amene adachoka ku Dedza ndi bulangete limodzi.

Tsiku loyamba adaika nsapato pa kireti.
Ndidaseka. Nsapato, kwa ine?
Ndidailemba osadzutsa n'komwe mutu
n'kumupatsa monyadira.
Iye adati: Sekuru, iyi ndi nsapato ya m'mutu mwanu,
ine ndikufuna iyo ili apoyo.
Diso litsogole, dzanja lizibwera pambuyo
ngati mwana wotsatira amake mumsika.

Ndidayang'ana.
Ndidayang'ananso, manyazi atandigwira.
Chidendene chidadyeka mbali yakunja,
ndiye kuti mwini wake amatsimphina.
Makwinya atatu pamene chala chachikulu chimapinda,
bowo lachinayi la chingwe long'ambika,
ndipo mthunzi wake sunali wakuda ayi,
unali wofiirira ngati fumbi la pano.
Zaka makumi atatu ndikuboola zikopa
koma nsapato ndinali ndisanaionepo.

Mbare saima kuti umujambule.
Wangolo amadutsa pakati pa diso ndi chinthu,
duwa la jakaranda limagwera papepala,
nkhuku umaiyamba kumutu, iyo n'kukupatsa mchira.
Shingirai amangoyenda kumbuyo kwathu:
Tsinzinani diso limodzi, yezani ndi pensulo.
Mpata uli pakati pa zinthuwo musaudumphe,
nawonso uli ndi nkhope yake.
Mnyamata wa kombi, uja pakamwa pake sipatsekeka,
adakhala duu theka la ola
akulimbana ndi khutu la ketulo.

Tsiku lina likhweru lidalira: Akhonsolo!
Madengu m'mwamba, tomato mbwee mumsewu.
Ndisanakulunge n'komwe zida zanga
sukulu inali itatsekedwa kale, ili pamutu pa mwini wake.
Tidakaitsegulanso kuseri kwa chigayo
tikupuma wefuwefu,
ndipo Mai Chipunza adajambula tomato wophwanyika
amene adamutola pothawa,
njere iliyonse, osasiyapo ndi imodzi yomwe.

Loweruka lapitali pa kireti padalibe kanthu.
Adati: Jambulani dzanja limene silikugwira pensulo.
Ndidalitambasula pabondo.
Chipsera cha singano pansi pa chala chachikulu,
zikhadabo zakuda ndi guluu,
mitsempha yotupa yosemphana mosapangana,
kachala kakang'ono kokhota, kokana kugona ndi anzake.
Ndidatsata mzere uliwonse, pang'onopang'ono,
makombi akulira, dzuwa likusuntha mthunzi.

Nditamaliza ndidalizindikira.
Linali dzanja la bambo,
lija lidagona pa bulangete m'chipatala cha pa Gomo,
bambo amene sadatisiyire chithunzi ndi chimodzi chomwe,
cha pachitupa chawo chidafufutika ndi thukuta.

Shingirai adafuna kuliika m'sutikesi pamodzi ndi enawo.
Ndidakana.
Ndalikhoma pamwamba pa benchi ndi msomali wa nsapato.
Makasitomala ena amafunsa ngati n'logulitsa.
Ine ndimangoti khalani pansi, vulani,
musathamange kunena pamene pang'ambika,
ndiione kaye.