Mchenga wa m'Nsapato

Ndasesa pano zaka khumi ndi zinayi,
pa sukulu ya mkaka ya pamtunda ku Busan,
pomwe ukasuzumira pa zenera la kukhitchini
umaona zombo zikudikirana padoko.
Chaka chabwino ndinkachidziwira ku tsache:
mchenga wambiri m'khonde,
timiyala togwa m'matumba a majekete,
tsamba louma lomwe wina walipatsa dzina.

Chaka chino tsache linayamba kupepuka.

Makolo anakumana Lachinayi lina madzulo,
ine ndikutsuka makapu kuseri kwa chitseko.
Bambo ake a Do-gyeom anaimirira, atamanga tayi:
"Kutsidya kwa msewu ana a zaka zisanu
akuwerenga Chingerezi, akuphatikiza ndi kuchotsera.
Ife tizilipira kuti mwana azikumba maenje?"
Palibe anawatsutsa. Nanenso ndinawamvetsa.
Amachoka kusanache, amabwera mwana atagona,
ndipo mantha awasowetsa tulo.

M'mawa mwake bwalo la mchenga linafunditsidwa chipulasitiki chabuluu,
njerwa zinayi m'makona.
Kunabwera mabuku a mizere, mapensulo osongoka,
wotchi yatsopano pamwamba pa bolodi.

Do-gyeom anayamba kutafuna mkono wa malaya.
Chilembo choyamba cha dzina lake,
chija chooneka ngati khomo lotsegukira kumanja,
chinkangomutembenukira.
Akafufuta, pepala n'kubooka,
akafufutanso, msozi n'kugwera pabowopo.
Aphunzitsi a Pyo, mtsikana wa dzanadzanali,
ankadya mpunga wawo choimirira,
maso ali pa ndandanda ya zoti amalize.

Ndiye kunagwa mvula ya mu Julayi, masiku atatu osakata.
Njerwa imodzi inagubuduka,
ndipo Lolemba nkhono zinatuluka,
zina pampanda, zina pachitseko,
ina mpaka pagalasi, nyanga zili njo.
Kalasi yonse inathamangira kuzenera.
Aphunzitsi anayang'ana wotchi,
anayang'ana ine, ine ndinangoyang'ana tsache,
kenaka anati, "Valani jombo.
Tengani mapensulo... ayi, asiyeni."

Anawerenga nkhono: khumi ndi zisanu ndi ziwiri.
Ziwiri zabisala, zatsala zingati?
Anakangana, anawerenganso,
Ha-yun analira poti yake inali yaulesi pa mpikisano.
Koma pakona, pomwe chipulasitiki chinafunduka,
ndinaona Do-gyeom atanjuta, kamtengo kali m'manja,
akukanda mchenga wonyowa.
Chinatembenuka. Anafafaniza ndi chikhatho.
Mchenga subooka.
Analembanso, anafafaniza, analembanso,
mpaka khomo lija linatsegukira koyenera.
Sanaitane munthu. Anangochiyang'ana,
kenaka n'kuchiveka nkhono ngati chipewa.

Sindikunena kuti zonse zinasintha.
Mabuku a mizere alipobe, wotchi ikuyendabe,
ndipo ana ena amawakonda mabukuwo;
Seo-rin amayamba wanunkhiza lake asanalitsegule.
Chipulasitiki anachipinda pakati,
theka la bwalo lofunda, theka lili poyera,
ngati munthu wogona mwendo uli kunja kwa bulangeti.
Mphindi makumi anayi akatha kudya masana.
Kuti afike pa nambala imeneyo
anakokana mpaka tiyi anazizira kawiri.

Bambo aja anabwera Lachisanu lina, mochedwa ngati kale.
Mwana anawakokera kumchenga, mdima utagwa,
n'kuwalembera dzina lonse ndi chala.
Anaunika ndi foni. Anakhala duu.
Kenaka anafunsa ngati angalilembenso papepala.
"Mawa," anatero mwanayo,
ali kalikiliki kukwirira nsapato ya bambo ake.

Usiku umenewo ndinasesa pansi pa mashelefu a nsapato,
mchenga unadzaza theka la chitini.
Ndinakaubwezera pabwalo,
mbali yosafunda ija.
Msana wayambanso kundipweteka.