Hutala ya Lachinayi

Lachinayi lililonse, kunja kusanayere bwino,
lole ya matayala khumi ndi asanu ndi atatu
imadutsa pa Kamwendo kulunjika ku boda
n'kuliza hutala kawiri.
Ine ndimakhala nditagwada pamkeka, pini kukamwa, ndikumanga thewera,
ndiye ndimangokweza chigongono ngati akundiona.
Akuyendetsayo ndi mng'ono wanga.

Tinayamwa bere limodzi, ine ndi Kelita,
ine kuyamba, iye kudzandilanda.
Mayi ankati: uyu akalira ndiye kuti akufuna kumsana,
uyo akalira akufuna umutsitse ayende.
Sanamenyepo mmodzi wa ife chifukwa cha zimenezo.

Pa maliro a malume ku Mkanda
amayi osankha nyemba kuseri kwa nkhokwe
anamuyeza ndi maso, kuchokera ku jombo
kukafika pamimba pake posalala.
"Zaka zonsezi? Adzamulira ndani ameneyu?
Kodi lole imabereka?"
Kelita anamva. Anapitiriza kutsuka mbale za anthu omwewo.
Bokosi limene malume anagonamo anagula ndi iye,
ndipo palibe anafunsa ngati ndalamazo zinabalapo mwana.

Mwezi wotsatira inali nthawi yanga.
Kunabwera galimoto yoyera, msonkhano wa amayi pasukulu.
Mtsikana wa magalasi, wamtima wabwino ndithu,
anandiwerenga ana ndi cholembera:
wakumsana, wogwira chitenje, awiri ali m'kalasi.
"Mpaka Fomu Folo munafika, mayi? Ndiye munadzitayiranji?"
Anandimvera chisoni, nandipatsa botolo la chakumwa ndi bisiketi.
Ndinamwa.
Sanafunse kuti makiyi a ofesi ya sikelo
anandilanda ndani.
Ndinakabweza ndekha, Lolemba, ndi dzanja ili,
mwamuna wanga akundichonderera kuti ndiganize kaye.

Sindinama, masiku ena zimandiwawa.
Usiku wa malungo, mwana akutentha ngati mbaula,
ndimaganiza za Kelita atagona yekha m'kabini ku Chipata,
chitseko chokiya, tulo take tonse tili take,
ndipo ndimameza malovu.
Nayenso akagona kwathu
amanyamula khanda n'kulinunkhiza paliwombo
nthawi yaitali, osayankhula,
kenako n'kundibwezera, n'kuyang'ana wotchi.
Ndinamufunsapo kamodzi.
Anati, achemwali, kusirira chitenje cha mnzako
sikutanthauza kuti chako chakuthina.

Ana anga amamuitana amayi aang'ono.
Chiyankhulo chathu chinamupatsa kale dzinalo
osamuitanitsa khadi la kusikelo.
Iye amawabweretsera malalanje ofinyika m'chikwama cha masipanala,
ine ndimamulongedzera chiponde m'botolo lakale la mafuta.
Ngongole yathu imathera pamenepo.

Dzulo tikusenda mtedza pakhonde,
Mwatitha, wanga woyamba, wa Sitandade Sikisi,
anafunsa osadzutsa mutu:
"Amayi, ndikadzakula ndidzakhale inu
kapena ndidzakhale amayi aang'ono?"
Makoko anandithera m'manja.
Ndinafuna kunena kuti khala pafupi nane, mwanawe, msewu umadya anthu.
Ndinafunanso kunena kuti thawa, usadzachape matewera zaka khumi.
Mawu onse awiri ndinawabweza kukhosi,
poti ndinawazindikira eni ake:
ena ndi a kuseri kwa nkhokwe, ena ndi a m'galimoto yoyera.

Ndinati, tsiriza kaye lichero lakolo.
Tsikulo likadzafika udzabwere kudzandiuza.
Kudzandiuza, wamva? Osati kudzandipempha.

Lero ndi Lachinayi.
Hutala yalira kawiri,
ndipo Mwatitha wathamangira kumsewu wopanda nsapato,
mlongo wake ali kumsana, mutu ukugwedera,
dzanja limodzi wachirikiza mwana,
linalo akubayibitsa fumbi.
Sindinamuitane.