Makilo Awiri

Ine si munthu wolimba mtima, ndinene poyera.
Galu akauwa kuseri kwa mpanda ndimasintha njira,
ndipo mphezi ikang'anima pamwamba pa phiri la Thyolo
woyamba kubisa mutu m'bulangete ndine.
Ntchito yanga ndi pensulo ndi kabuku:
ndimakhala pashedi kumunsi kwa Makwasa,
kulemba kulemera kwa tiyi amene ena athyola.

Lolemba, chiperoni chitaphimba minda yonse,
a Makwinja akapitawo anandikokera kuseri kwa thirakitala.
Anati, "Masambawa anyowa, mphwanga.
Dengu lililonse uzidula makilo awiri,
zinazo tidzaonana mwezi ukatha."
Ndinati chabwino. Pakamwa panavomera
mtima usanafunsidwe.

Masiku asanu ndinadula.
Ndinadula kwa Esinala wa ku Khonjeni
amene zala zake zinada kalekale ndi utomoni wa tiyi,
ndinadula kwa mkulu uja wa chifuwa chosatha,
ndinadulanso kwa Dailesi, mwana ali kumsana.
Palibe anadandaula. Ankangoyang'ana singano ya sikelo
monga wodwala ayang'ana nkhope ya dokotala.

Lachisanu usiku tulo tinandikana.
Lamulungu lino wowerenga mawu kutchalitchi ndine,
ndiye ndinayatsa tochi ya foni, n'kutsegula Buku,
kusaka ngwazi zoti ndikauze anthu.
Koma ngwazi zakezo ndinazipeza zikunjenjemera.
Uyo akupuntha tirigu mobisala m'dzenje,
mngelo n'kumutcha wamphamvu, iye thukuta lili kamukamu.
Uyu akudandaula za chibwibwi, akuti atume wina.
Msodzi uja anangoponda nyanja kawiri katatu,
kenaka madzi m'khosi, kukuwa ngati mwana.
Nanga azamba awiri aja a ku Ejipito,
ndani anati maondo awo sanagundane
tsiku limene mfumu inawaitana?
Anangokana kupha ana, basi,
m'mawa mwake n'kupitanso kuntchito.

Ndinatseka Buku. Panja masamba a nthochi ankakwapulana.
Ndinati, Ambuye, za lendi mukuzidziwa,
fizi ya Lusiya kusekondale ku Luchenza mukuidziwa,
mukudziwanso kuti pensulo yangayi
anthu makumi akuidikirira pageti.
Sanandiyankhe ndi bingu.
Analira ndi tambala wa aneba,
ndipo ine ndikudziwa chimene tambala amakumbutsa munthu.

Loweruka Esinala anakoleka dengu lake pambedza.
Singano inayenda, inagwedezeka, inaima.
A Makwinja ali pambali panga, fungo la fodya paphewa langa.
Dzanja linanjenjemera mpaka pensulo inathyoka nsonga.
Ndinaisongola ndi lumo, pang'onopang'ono,
kenaka ndinalemba chimene sikelo inanena.

Nyanja sinagawikane. Malinga sanagwe.
A Makwinja anangotsokomola, n'kulavula, n'kuchoka,
ndipo sindikudziwa chimene Lolemba landisungira,
kaya kalata, kaya kundibweza kumunda dengu lili kumsana.
Esinala sanadziwe n'komwe kuti pachitika kanthu.
Anapukuta manja pachitenje,
n'kubwerera m'mizere momwe anasiyira.

Mawa ndikaima kutsogolo, Buku lili m'manja,
sindikawauza kuti okhulupirira saopa.
Mantha ndikadali nawo, ali m'mimbamu ngati mwala.
Ndikangowauza kuti Mulungu amene ankayenda ndi amantha aja
amafikanso pashedi ya tiyi, nsapato zili matope okhaokha,
n'kuima pafupi ndi sikelo.

Koma makilo a masiku asanu aja
ndawalemba kuchikuto kwa kabuku, dzina ndi dzina.
Ameneyo ndi Yorodano wina,
ndipo phazi langa silinakhudzebe madzi.