Kalata ya Ermelinda

Kalata yako yagona masiku asanu patebulo langa,
ndaitsindira ndi kiyi wa firiji.
M'mbali mwake mwayamba kupindika,
dzuwa la Tete silisiya kanthu kowongoka,
ngakhale makatoni a parasetamo.

Ukupempha miyezi itatu ku Beira.
Ukufuna kukaphunzira kasungidwe ka katemera
ndi kuzindikira mankhwala achinyengo asanafike pakamwa pa mwana.
Wailemba bwino. Walakwitsa tsiku lokha.

Bonifasiyo sunamupeze.
Ndinamulipirira basi, chipinda, chakudya,
mpaka nsapato zoti asachite nazo manyazi m'kalasi.
Anabwerako ndi satifiketi yokutidwa m'pulasitiki,
anakhala nafe dzinja limodzi,
kenako chipatala cha pamgodi ku Moatize chinamukodola
ndi malipiro amene ine sindingawatchule osatsokomola.
Ndimakumana naye pamlatho Loweruka, ali m'galimoto yoyera.
Amandikwezera dzanja.
Nanenso ndimakweza langa, nanga nditani?
Mbuzi ndinaweta ine, chiwindi anadya ena.

Akuluakulu a ku Maputo, akamalankhula pafoni,
amati wantchito wophunzira ndiye chuma cha kampani.
Ndikawauza mtengo wake
netiweki imayamba kudukaduka.

Ndipo mayi Filomena a ku akaunti afunsa zoona:
lole ikafika usiku, awerenge mabokosi ndani?
Apatule a ku Ulongwe, a ku Tsangano, a ku Furankungo ndani?
Metikali iliyonse amaidziwa ndi dzina, mayi amene aja.

Komabe pali usiku uja wa mu Okutobala.
Magetsi anazima, jenereta inangotsokomola kawiri n'kukhala chete.
Unabwera pa njinga yamoto, chitenje chili m'khosi,
unakadzutsa ogulitsa nsomba kuti akugulitse ayisi,
insulini yonse unaisamutsira m'mabokosi ozizira,
ndipo ola lililonse unkalemba madigiri
kuseri kwa katoni yong'ambika, nyali ya foni utailuma.
Palibe anakutuma.
M'mawa ndinangoti, wachita bwino. Basi.

Ndiye mwezi watha uja,
unandibweretsera kabokosi ka mankhwala a malungo,
unati, abwana, zilembo izi zikuoneka zotuwa.
Ndinati ika pashelefu, ndi dzuwa.
Sunaike.
Sitikudziwabe ngati anali abodza,
ali m'kabati yanga mpaka lero, ndipo sindigona nawo tulo.

Pano chinthu chilichonse chili ndi tsiku lake lothera mphamvu.
Timalifufuza pansi pa botolo, pamsana pa paketi,
likakwana timachotsa, timalemba m'buku, timakawotcha.
Koma zimene ndinaphunzira ine
tsitsi lisanandithawe, makompyuta asanalowe muno,
palibe anazidinda tsiku.
Ndimazigawabe pakauntala m'mawa uliwonse
ndi nkhope ya munthu wodziwa.

Mwina sindikuopa kuti ukapita osabwerera.
Mwina ndikuopa kuti ubwerera
n'kuyamba kuwerenga pansi pa botolo langa.

Fani ikuzungulira, ikungosuntha kutentha komweko.
Kunja mbuzi zabisala pansi pa lole.
Ndikukuona pagalasi, ukupanga ngati ukupukuta shelefu
imene waipukuta kale kawiri.

Bwera.
Konza tsikuli kaye.
Theka la ndalama ndilimbana nawo a ku Maputo,
theka linalo tiona, mayi Filomena andikwiyira mpaka Khirisimasi.
Ukabwerako, Lachisanu lililonse tikatseka
uzitiphunzitsa tonse, ndi mlonda yemwe,
ine ndizikhala kutsogolo chifukwa maso ayamba kuvuta.

Ndipo akadzakukodola a kumgodi,
poti adzakukodola ndithu,
usadzandinamize kuti amayi akudwala.
Udzangonena.
Insulini ya kumeneko nayonso imaopa dzuwa lomweli.

Taona, cholembera changa chauma.
Ndibwereke chako.